Timange 9 Novembala

Pa 8 Novembala 2023 Amalawi tinagona dola imodzi ikugulitsidwa K1,180 kubanki, ndipo pa 9 Novembala tinadzuka ili pa K1,700. Akuluakulu anati mphamvu ya kwacha yatsitsidwa ndi 44 peresenti. Mawa lake petulo anachoka pa K1,746 n'kufika pa K2,530 lita imodzi, ndipo shuga, sopo, mafuta ophikira, feteleza ndi minibasi zonse zinalondola komweko. Malipiro okha ndi amene anaonetsa khalidwe, anakhala pansi phee, osasuntha. Kuyambira pamenepo anthu akhala akusaka woti amuloze chala. Ena akuti boma, ena akuti IMF, ena akuti anyamata ogulitsa dola m'makona a m'tauni. Ine, amene maphunziro anga onse a zachuma amathera pa kuwerenga chenje cha kondakitala, nkhaniyi ndaiunika mozama ndipo ndapeza kuti onsewa alibe mlandu. Wolakwa ndi tsikulo. 9 Novembala ndi chigawenga chakalekale, chodziwika m'maiko ambiri, ndipo pempho langa n'lakuti chimangidwe, chichotsedwe pa kalendala, tizichoka pa 8 n'kulumphira pa 10.

Umboni ulipo, ndipo mlandu suola. Mu 1799 tsikuli linaoneka ku France likuyendera dzina lina, 18 Brumaire, pakuti Afalansa anali atapanga kalendala yawoyawo, ndipo ndilo tsiku limene Napoleon Bonaparte anayamba kulanda boma. Munthu wosalakwa sayendera maina awiri. Litachoka kumeneko linakazolowera Ajeremani. Mu 1848 Robert Blum, phungu wa nyumba ya malamulo ya ku Frankfurt, anawomberedwa ku Vienna pa tsiku lomweli. Mu 1918, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili pafupi kutha, nduna yaikulu Max von Baden analengeza kuti mfumu Wilhelm II yatula pansi udindo mwiniwakeyo asanavomere. Masana ake Philipp Scheidemann analengeza ali pa nyumba ya malamulo ku Berlin kuti Germany tsopano ndi ripabuliki, ndipo patangopita maola awiri Karl Liebknecht analengezanso ripabuliki ina, yachisosholizimu, mumzinda womwewo. Maboma awiri masana amodzi, pamene enafe chaka chimatha tisanamalize kufolera khitchini. Koma umboni wonditsekera mlandu ndi wa 1923. Mu Novembala chaka chimenecho ndalama ya Germany inali itasanduka mapepala, moti pofika pa 20 Novembala dola imodzi inkagula ma mark 4.2 thililiyoni, ndipo antchito akangolandira malipiro ankathamangira kusitolo mitengo isanasinthenso. Usiku wa pa 8 Adolf Hitler analowa m'holo ya mowa ya Bürgerbräukeller ku Munich n'kuwombera mfuti kudenga, ndipo pa 9 anaguba ndi gulu lake kufuna kulanda boma, apolisi n'kuwabalalitsa ndi zipolopolo. Werengani nokha kuchoka pa 9 Novembala 1923 kufika pa 9 Novembala 2023. Chigawengachi chinadikira zaka 100 ndendende, chinakwera ndege, n'kudzatera kuno popanda ndi chiphaso chomwe, pofuna kuona ngati luso lake lofoola ndalama likadalipo.

Ndikudziwa pali ophunzira amene anena kuti tsiku silingachotsedwe pa kalendala. Amenewo abweze fizi. Mu 1582, potsatira lamulo la Papa Gregory XIII, anthu ku Italy ndi ku Spain anagona pa 4 Okutobala n'kudzuka pa 15. Angelezi, amene sakonda kuuzidwa zochita, anazengereza mpaka 1752, pamene anachoka pa 2 Seputembala n'kufikira pa 14. Dzana lomweli, mu 2011, dziko la Samoa linalumpha 30 Disembala yense pofuna kufanana masiku ndi Australia ndi New Zealand kumene limachita nawo malonda. Ngati papa anachotsa masiku khumi dzuwa n'kumatulukabe, ife likutivuta n'chiyani limodzi lokha? Obadwa pa tsikuli asade nkhawa, asiya kukalamba, ndipo ndalama ya keke agulira ufa. Vuto limene ndikuliona n'la alandilodi, amene ngakhale Novembala atatsala ndi masiku 29 adzafunabe lendi yonse, monga achitira ndi Febuluwale chaka ndi chaka popanda wowafunsa.

Ena abwera ndi mboni zoikira kumbuyo woganiziridwayu. Adzati Cambodia inalandira ufulu kuchoka m'manja mwa France pa 9 Novembala 1953, ndiponso khoma la Berlin, limene linagawa mzinda umodzi pawiri kwa zaka 28, linatseguka pa 9 Novembala 1989. Ndavomera, koma taonani mmene linatsegukira. Madzulo a tsikulo Günter Schabowski, mneneri wa chipani cholamula ku East Germany, anakhala pamaso pa atolankhani atanyamula pepala limene mtsogoleri wake Egon Krenz anamupatsira nthawi itatha kale. Pepalalo linali la malamulo atsopano olola anthu kupita kunja, amene anayenera kuyamba mawa lake, mwadongosolo, anthu atatenga zilolezo. Bamboyu sanaliwerenge bwinobwino. Atafunsidwa kuti lamulolo liyamba liti, anafufuzafufuza m'mapepala ake n'kuyankha kuti, malinga ndi mmene akudziwira, liyamba pompano. Anthu zikwizikwi anakhamukira kuzipata, ndipo pakati pa usiku pasanafike Harald Jäger, mkulu wa alonda pa chipata cha Bornholmer Strasse, atatopa kuimbira mafoni mabwana amene sankamupatsa yankho, anangotsegula. M'mbiri yonse imene ndikuidziwa, apa pokha ndi pamene bwana wosawerenga mapepala ake anapindulitsa anthu wamba. Ife mabwana otero tili nawo osasowa, koma khoma loti agwetse mwangozi ndi limene tilibe, ndiye amangogwetsa zina.

Mboni yovuta kwambiri ndi ya masamu. Iyo ikuti masiku m'chaka alipo 365 okha pamene mbiri ya anthu ndi ya zaka zikwizikwi, choncho tsiku lililonse mukalipapasa m'matumba mupezamo nkhondo, chivomerezi ndi imfa ya mfumu. Ikutinso ngati mlandu ndi wa kwacha, ndiye kuti 7 Meyi amangidwenso chifukwa cha 2012, pamene dola inachoka cha m'ma K168 kufika pa K250, ndipo 27 Meyi amutsatire chifukwa cha 25 peresenti ya mu 2022. Nayenso 10 Novembala, amene ndimafuna kuti tizifikirapo, ndi uja anakweza petulo. Tikapitiriza chonchi kalendala yonse ikhala pa rimandi, titsala ndi Khirisimasi ndi tsiku la Amayi basi.

Mboni yomweyi ikupitiriza kuti zambiri mwa zochitikazi sizinakumane mwangozi, anazikumanitsa ndi anthu, ndipo apa nthabwala ndiziika kaye pambali. Msonkhano umene Hitler anasokoneza mu 1923 unachitika patatha zaka zisanu chigwereni ufumu mu 1918, ndipo iye atsogoleri a chaka chimenecho ankawatcha zigawenga za Novembala. Khothi linamugamula zaka zisanu koma anatuluka chaka chisanathe, ndipo atatenga boma mu 1933 anasandutsa 9 Novembala tsiku lokumbukira anthu ake 16 amene anafa ku Munich. N'chifukwa chake pa 9 Novembala 1938 akuluakulu a chipani cha Nazi anali pamodzi mumzindawo pamene uthenga unafika wakuti Ernst vom Rath, wogwira ntchito ku ofesi ya kazembe wa Germany ku Paris amene anawomberedwa ndi mnyamata wachiyuda Herschel Grynszpan, wamwalira. Joseph Goebbels, mmodzi mwa akuluakuluwo, analankhula, mafoni anaimbidwa, ndipo usiku womwewo masunagoge mazanamazana anatenthedwa ozimitsa moto akungoteteza nyumba zoyandikana nawo, masitolo a Ayuda oposa 7,000 anaphwanyidwa, Ayuda osachepera 91 anaphedwa, ndipo amuna pafupifupi 30,000 anatengedwa kupita kundende za Dachau, Buchenwald ndi Sachsenhausen. Pamwamba pake Ayuda omwewo analipitsidwa chindapusa cha ma mark 1 biliyoni. Palibe kalendala imene inagwira machesi usiku umenewo. Ajeremani akudziwa zimenezi, ndipo n'chifukwa chake, ngakhale khoma linatseguka pa 9 Novembala, tsiku la umodzi wa dziko lawo amakondwerera pa 3 Okutobala.

Kwathu kuno nakonso masiku amasankhidwa ndi anthu. Dr Kamuzu Banda anatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958, ufulu tinalandira pa 6 Julayi 1964, ripabuliki inabwera pa 6 Julayi 1966, ndipo palibe amene amati ndi matsenga. Nayo kwacha ya 2023 inatsitsidwa ndi anthu okhala ndi maina ndi masiginecha, ndipo sabata isanathe IMF inavomereza ngongole ya madola pafupifupi 175 miliyoni. Mwina pofika pamenepo panalibedi kuchitira mwina, pakuti pamsewu dola inali itakwera kale. Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti dziko logula kunja katundu wochuluka kuposa kawiri amene limagulitsa, lodalira fodya kuyambira nthawi ya atsamunda, lokongola lero kuti libweze ngongole ya dzulo, silinafike pamenepo tsiku limodzi. Maboma otsatizana anatifikitsapo, aliyense akulonjeza mafakitale pa kampeni, ndipo bilu ikabwera imapatsidwa kwa mayi wogulitsa mandasi, amene sanakhalepo pa tebulo pamene zinkagwirizanidwa.

Komabe pempho langa sindikulibweza, ndipo chifukwa chake n'chanzeru. Mwa onse oganiziridwa pa nkhani za chuma cha dziko lino, 9 Novembala yekha ndi amene mlandu wake ungathe kufika kumapeto. Alibe loya, sangathamangire kukhothi usiku kukatenga chiletso, sadwala m'mawa wa tsiku la mlandu, sangalowe chipani cholamula kuti fayilo yake isowe, ndipo malo okhala ake ndi odziwika, pakati pa 8 ndi 10. Apolisi safunikanso mafuta a galimoto kuti akamugwire, amabwera yekha kamodzi pa chaka. Akangomumanga asavule nsapato, pakuti pali dandaulo lina lochokera kwa makolo onse olipira fizi, lokhudza Januwale yense.