Laputopu Yopepuka ndi Munthu Wamba: Kafukufuku Wochitikira pa Tebulo la Pabalaza

Laputopu ndi kompyuta yopindika pakati, imene sikirini, kiyibodi ndi batire zake zimakhala m'thupi limodzi, ndipo amene anaipanga ankafuna kuti munthu aziinyamula popita kulikonse kumene ntchito yamuitanira. Masiku ano makampani akulimbirana kutulutsa mtundu wopepuka kuposa wa anzawo, ndipo wina watsopano ukangotuluka, olemba nkhani za makina a ku America ndi ku Ulaya sachedwa kulengeza kuti umenewu ndiwo woyenera anthu ambiri. Chofunika kufufuza ndi chakuti anthu ambiriwo ndi ati, komanso ngati mlembi wa danga lino, yemwe ndi munthu wamba wa lendi ndi tingongole take, amawerengedwa m'gulu limeneli. Kafukufuku amene akufotokozedwa pano wachitika pa munthu mmodzi, mlembi yemweyo, chifukwa ndiye yekha amene anavomera kufufuzidwa popanda kufunsa za alawansi.

Mbiri ya kupepukitsa makinawa ndi yaitali ndithu. M'chaka cha 1981 kampani ya Adam Osborne inatulutsa Osborne 1, kompyuta imene inkatchedwa yonyamulika ngakhale kuti inkalemera makilogalamu oposa 10, inali ndi kasikirini ka mainchi 5, inalibe batire m'kati mwake, ndipo inkagulitsidwa pa madola 1,795. Mu Januwale 2008, pa msonkhano wa Macworld mumzinda wa San Francisco, Steve Jobs wa kampani ya Apple anasolola MacBook Air yoyamba mu envulopu ya mu ofesi, anthu n'kuwomba m'manja. Imeneyi inkalemera makilogalamu 1.36 ndipo mtengo wake unali madola 1,799, kutanthauza kuti m'zaka 27 zonsezo akatswiri anakwanitsa kuchotsa makilogalamu oposa 9 pa katunduyo, koma pa mtengo anawonjezerapo madola anayi. Mu 2011 kampani ya Intel inayambitsa gulu la malaputopu opyapyala otchedwa Ultrabook kuti makina a Windows nawonso achepe thupi, ndipo pambuyo pake panabwera ena monga LG Gram, imene mitundu yake ina sifika ngakhale kilogalamu imodzi.

Chitsanzo chabwino cha mtundu wamakono ndi MacBook Air ya mainchi 13 imene inatuluka mu Malichi 2025. Imalemera makilogalamu 1.24, ndiko kunena kuti paketi imodzi ya shuga ndi kota ya paketi ina, ndipo ku America inayamba kugulitsidwa pa madola 999. M'kati mwake muli purosesa yotchedwa M4, ndipo purosesa ndi kachipangizo kamene kamawerengera ndi kulamula zonse zochitika m'makinamo. Muli RAM ya magigabaiti 16, ndipo RAM ndi malo amene kompyuta imayalapo zinthu zimene ikuzigwiritsa ntchito panthawiyo, mosiyana ndi SSD imene imasunga zinthu ngakhale makina atazimitsidwa. Fani mulibe, choncho sichita phokoso lililonse. Mlembi manambala onsewa amawadziwa pamtima ndipo amatha kuwalakatula pa maliro, pa chinkhoswe ngakhale pamzere wa mafuta, koma makina enieniwo anangowakhudzapo ndi chala chimodzi, mwini wake atacheukira kumbali.

Poyesa ngati chida chikumuyenera munthu, pamafunika kuona ntchito imene munthuyo amagwira nacho, osati imene amauza anzake kuti amagwira. Akafunsidwa, mlembi amanena kuti kompyuta yake ndi ya kafukufuku ndi zolembalemba. Zimene zapezeka m'makina ake akale, omwe ndi a kaunjika olemera makilogalamu oposa awiri, ndi izi: makalata ofunsira ntchito a abale osiyanasiyana, maminitsi a komiti ya chitukuko ya kutchalitchi, tebulo la Excel la banki mkhonde ya mayi a kunyumba kwake, zithunzi za ukwati wa munthu amene sakumukumbukiranso, mafilimu a ku Nigeria, ndi mutu woyamba wa buku limene lakhala pa mutu woyamba kuyambira boma lapitalo lisanalowe. Ntchito zotere laputopu yopepuka imazigwira isanadzuke n'komwe, ndipo pa mfundo imeneyi olemba a kunja aja sananame. Vuto ndi lakuti makina akale aja nawonso amazigwira, kungoti amayamba abuula kaye, n'kupereka mpata wokwanira wothira madzi a tiyi pamoto.

Kupepuka kwenikweniko kumapindulira munthu woyenda: wophunzira wa pa koleji amene amachoka ku hositelo kupita ku laibulale, wogwira ntchito m'mabungwe amene sabata ino ali ku Mangochi, sabata yamawa ku Mzuzu, mtolankhani, ndi wina aliyense amene phewa lake limadziwa lamba wa chikwama. Ulendo wautali umene laputopu ya mlembi imayenda tsiku ndi tsiku ndi wochoka pa tebulo la pabalaza kupita pa mpando wapafupi pamene nsima yafika, ndi wobwerera pa tebulopo mbale zikachotsedwa. Pa mtunda wotere kusiyana kwa kilogalamu imodzi sikunavulazepo munthu. Ikakwera minibasi, zomwe zimachitika mwa apo ndi apo, chimene chimafunika si kupepuka ayi koma kupirira, popeza chikwama chimapanikizika pakati pa bondo la mwini wake ndi thumba la mbatata la munthu wina, kondakitala akulimbikira kuti pampandopo pakadali malo a munthu mmodzi.

Palinso mbali ina imene opanga makinawa sanaiganizire chifukwa sakhala m'mabanja ngati athu. Kwa iwo kompyuta ndi ya munthu mmodzi, pamene kuno laputopu ikalowa m'nyumba imakhala ya mtundu wonse. Mphwake wa mlembi amaifuna polemba asainimenti, mlamu wake amaifuna pokonza mapepala a bizinesi imene ikuyamba chaka chamawa chaka chilichonse, ndipo a kwaya amaifuna poika nyimbo pa tsiku la pepala. Makina olemera, a batire lakufa, ofuna kuyenda ndi chaja chake chachikulu, amadziteteza okha, pakuti wobwereka akawanyamula amayamba kuganiza kawiri, kenako n'kunena kuti angobwera kudzalembera pompano. Opepuka amalowa m'kachikwama kalikonse mosavuta, ndipo katundu wotuluka pakhomo mosavuta kabweredwe kake kamafuna mafoni ambiri, mwinanso nkhoswe.

Kuti laputopu ichepe thupi pamayenera kuchotsedwa zinthu, ndipo zoyamba kuchotsedwa ndi mabowo a m'mbali olowetsamo zingwe. MacBook Air ya 2008 ija inali ndi bowo limodzi lokha la USB, inalibe poika DVD, inalibenso polowetsa chingwe cha intaneti. Ya 2025 ili ndi mabowo awiri ang'onoang'ono a mtundu wa USB-C, lina la chaja ndi lina la mahedifoni. Kumene anthu amasunga zinthu zawo pa intaneti ndi kutumizirana mafayilo popanda kuwerengera bandulo, zimenezi si nkhani. Koma moyo wa mlembi umayendera fulashi, kachipangizo kosungira mafayilo kamene amakamangirira ku makiyi a nyumba, ndipo fulashi zambiri zimene zili m'matumba mwa anthu ndi za pulagi yaikulu yakale, yotchedwa USB-A, imene pabowo latsopanolo silowa ngakhale munthu atapemphera. Pulinta ya pa shopu yosindikizira imafuna fulashi yomweyo, pulojekita ya mu holo ya msonkhano imafuna chingwe cha HDMI, ndipo ikakhala yokalamba imafuna cha VGA, chija cha mutu wabuluu ndi tizomangira tiwiri. Mankhwala ake ndi adaputa, kachida kolumikizira pulagi ya mtundu wina ku bowo la mtundu wina. Wogula amayamba ndi imodzi, kenako amapeza kuti akufunika ina, pomaliza amagula kabokosi kokhala ndi mabowo onse amene anachotsedwa aja, n'kumakanyamula m'chikwama chomwecho. Poti mlembi ndi munthu amene amataya chivundikiro cha cholembera tsiku lomwe wachigula, tsogolo la tizida timeneti m'manja mwake ndi lodziwikiratu.

Komabe pali chinthu chimodzi chimene makina atsopanowa amaposera akale kutalitali, ndipo n'chodabwitsa kuti otsatsa malonda amachitchula pambuyo pa kupyapyala ndi mtundu wa penti. Chinthucho ndi batire. Kuchokera mu Novembala 2020, pamene Apple inayamba kuika mapurosesa akeake mu MacBook Air, kampaniyo imanena kuti batire limatha kufika maola 18 munthu akuonera kanema, ndipo ngakhale titachotsapo maola angapo a chinyengo cha malonda, otsalawo ndi tsiku lathunthu la ntchito. Chinsinsi chake ndi chakuti purosesa yotere imadya magetsi ochepa, motero situlutsa kutentha kwambiri, ndipo n'chifukwa chake fani sifunika. Kusowa kwa fani nako kumatanthauza kuti makina sakoka fumbi la mu Okutobala n'kulisunga m'mimba. Amene anakhala m'Malawi m'chaka cha 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, safunika kuwafotokozera phindu la makina otha kugwira ntchito kuyambira m'mawa mpaka madzulo popanda soketi. Batire la laputopu ya mlembi linasiya ntchito kalekale, kotero kuti magetsi akangophethira, sikirini imada nthawi yomweyo pamodzi ndi ndime imene inali isanasungidwe. Pano payenera kunenedwa mwachilungamo kuti vuto limeneli lamuthandizanso kwambiri, chifukwa palibe mkonzi wa nyuzipepala amene angatsutse munthu wonena kuti nkhani inachedwa kaamba ka magetsi, ndipo batire la maola 18 likhoza kumulanda chifukwa chokhacho chimene anthu amachikhulupirira.

Za mtengo sizifuna mawu ambiri. Ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo pa mtengo wa kubanki wa m'chaka cha 2025, wa pafupifupi K1,750 pa dola, madola 999 anali ngati K1.75 miliyoni. Apo n'kuti msonkho, mayendedwe ndi phindu la wogulitsa zisanalowe, komanso n'kuti wogulitsayo atapezadi madola ake kubanki, zimene owerenga akudziwa okha mmene zimakhalira.

Nkhani yolemera kuposa mtengo wogulira ndi ya kukonza. M'malaputopu ambiri opyapyala, RAM imawotchereredwa pa bolodi, ndipo mu MacBook Air ngakhale chosungira mafayilo n'chowotchereranso, kotero kuti zimene munthu wagula tsiku loyamba ndi zomwezo mpaka makina adzafe. Sangawonjezere pang'onopang'ono ndalama zikamapezeka, monga mmene munthu wamba amachitira ndi china chilichonse pamoyo wake. Zomangira za pansi pake ndi za nsonga zisanu, zofuna sikuludiraiva yakeyake. Mosiyana ndi zimenezi, makina a kaunjika a mtundu wa ThinkPad, Dell Latitude kapena HP EliteBook, amene maofesi a kunja amawagulitsa akawagwiritsa ntchito zaka zingapo, amisiri a ku Limbe ndi a ku Lilongwe amawadziwa m'kati ndi kunja, ndipo kiyibodi, sikirini kapena batire zimapezeka pochotsa pa anzake amene anatsogola. Wogulitsa aliyense amamutchula mlembi kuti bwana, n'kumutsimikizira kuti katunduyo wangofika kumene ndipo mwini wake woyamba sankamugwiritsa ntchito kwenikweni, ngakhale zilembo za pa kiyibodi zitafufutika. Kaunjikayo nayenso ali ndi msampha wake, chifukwa kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 pamodzi ndi purosesa yosakalamba kwambiri, imene kwa Intel imayambira pa m'badwo wachisanu ndi chitatu. Makina ambiri otsika mtengo amene ali pamsika ndi a m'badwo wa m'mbuyo mwa umenewo, ndipo a mlembi ali m'mbuyo mwa a m'mbuyowo.

Zonsezi zikaikidwa pamodzi, laputopu yatsopano yopepuka ndi yoyenera munthu amene amayenda nayo tsiku lililonse, amene ntchito yake imaima magetsi akazima, ndiponso amene angathe kuigula kawiri ikagwa pansi kamodzi. Pa zitatuzi mlembi akukwanitsa chachiwiri chokha, ndipo nachonso mokayikitsa. Chimene chimamukokera ku makinawa, malinga ndi zimene kafukufukuyu wapeza atamupanikiza ndi mafunso, ndi chithunzi chimene chili m'mutu mwake cha iye mwini atakhala pa khonde la hotela, atatsegula chinthu chopyapyala chonyezimira, anthu odutsa n'kumaganiza kuti ndi mlangizi wa bungwe lakunja amene akulemba lipoti. Mfundo yogula inaperekedwa ku komiti ya zachuma ya pakhomo, imene wapampando wake, mlembi wake ndi msungichuma wake ndi munthu mmodzi, mayi a kunyumba. Iwo anamvetsera manambala onse mwaulemu, anafunsa kuti, "Kodi bambo, buku lija likukanika chifukwa makinawa akulemera?" ndipo atapanda kulandira yankho lomveka, analamula kuti pagulidwe batire lina la makina akale omwewo, ndalama zake zichokere ku banki mkhonde pa chiwongoladzanja cha masiku onse, wobwereka akhale mlembi wa danga lino.