Yunivesite ikusunga mwana, khola langa likutha

Ndinali pamwamba pa chulu, pomwe netiweki ya kuno kwa Sandwe imachitira misonkhano yake, uthenga utalowa. Mwana wa mlongo wanga, amene ali chaka chachiwiri pa yunivesite ina ku Lusaka, akuti: "Amalume, sukulu yathu yakonza pulani yoti pasakhale wophunzira wosiyira panjira." Ati kubwera alangizi, maphunziro a pa intaneti, ndi komiti yofufuza komwe ana amasowera. Ndinavula chipewa.

Uthenga wachiwiri unali waufupi. Fizi yakwera, ndipo wangongole salemba mayeso.

Mbuzi zinandiyang'ana. Zimadziwa zimenezi. Zikaona ndikutsika pachulu mwakachetechete, zimayamba kutsanzikana.

Zinalipo 9 pamene mnyamatayu anakhoza Giredi 12. Yoyamba inathera pa basi, isanaone n'komwe mlatho wa Luangwa. Tonde wanga wandevu anafera theka la bedi ku Kalingalinga, theka linalo ndi la mnyamata wa ku Nyimba, amagona mosinthana ngati alonda. Yamawanga inadyedwa ndi mabandulo. Ina inapita pa kosi yomwe mwana analephera, mng'ono wake n'kuilondola pobwereza kosi yomweyo. Yachisanu ndi chimodzi anati ndi ya "zina ndi zina". Mpaka lero sindidziwa inaphunzira chiyani. Kunena zoona, khola langa lapita kutali ndi sukulu kuposa mwini wake.

Ndiye nanenso ndakhazikitsa komiti yosunga mbuzi. Wapampando ndi amake ana, ine mlembi. Takhala pansi kawiri, ndipo tapeza kuti fisi tinkamunamizira. Iye amatenga imodzi pachaka, sakweza mtengo pakati pa temu. Njovu zochokera ku South Luangwa zimadya chimanga, koma mbuzi zimazipatsa ulemu. Ndinapempha kuti mbuzi zotsalazo tizipezere mlangizi, wapampando anandiponyera chipande.

Akuluakulu a mayunivesite, komiti yanu isavutike ndi ulendo. Mwana amene wayenda makilomita oposa 400 kuchoka m'boma la Lusangazi sabwerera kumudzi chifukwa chosowa malangizo. Amabwerera ndi njala, kusowa pogona, ndi ngongole ya boma imene sinamufikire. Boma lomwe likudziwa: ndalama ya chakudya ya ophunzira linaichotsa mu 2019, n'kuibweza mu 2023. Kuyambira 2022 mwana akuphunzira ulere mpaka Giredi 12, ndiye akubwera ambiri, ena amalume awo alibe ngakhale nkhuku. Amenewo pulani yanu yawaika patsamba liti?

Mnyamata wathu akadzamaliza, chipewa cha ngodya zinayi chija mudzaveke mbuzi, ngati idzapezeke yoimira anzake. Zatsala zitatu. Imodzi ili ndi bere, ndipo ana ake ndawalembetsa kale ku fizi ya chaka chachitatu.