Malangizo kwa Womanga Nyumba ya Konkire ku Kaunda Square

Mamangidwe amene akatswiri amawatcha modernism amaphunzitsa kuti nyumba isakhale ndi zokongoletsa zopanda ntchito, ndiponso kuti konkire, amene ndi simenti yosakaniza ndi mchenga, miyala ndi madzi, azionekera poyera popanda manyazi. Womanga wa ku Kaunda Square, kaya ku Stage 1 kapena Stage 2, ali ndi mwayi waukulu, pakuti chiphunzitsochi chimagwirizana kwambiri ndi thumba lake.

Choyamba, khoma lisapakidwe pulasitala. Katswiri wojambula nyumba Le Corbusier anasiya konkire wosasalaza pa nyumba ya Unité d'Habitation ku Marseille mu 1952, ndipo nyumba zoyamba za University of Zambia pa Great East Road, zimene anajambula Julian Elliott, zimaonetsanso konkire wamaliseche. Choncho amene ndalama zamuthera atangoimika midadada asamanene kuti ntchito yaima, koma aziuza achibale kuti akutsanzira yunivesite.

Chachiwiri, denga likhale la silabu, ndiye kuti konkire wothiridwa mosalala pamwamba m'malo mwa malata, ndipo zitsulo zotsala zisiyidwe zitaloza kumwamba, chifukwa zimalonjeza nyumba yosanja imene idzamangidwe penshoni ikadzatuluka, pamene pakali pano zikugwira chingwe choyanikira zovala. Silabuyo ikayamba kudontha mu Januwale, mwininyumba asakalipire mmisiri, popeza nyumba ya Villa Savoye, imene inatha mu 1931 pafupi ndi Paris, inadontha mpaka eni ake anatopa ndi kulemba makalata odandaula, koma lero alendo amalipira kuti akaione. Beseni loikidwa pakati pa chipinda chogona liziwerengedwa ngati gawo la pulani.

Chachitatu, mawindo akhale aatali chopingasa kuti kuwala kulowe mokwanira, kenako atchingidwe ndi zitsulo zoletsa akuba, ndipo mpanda wautali umangidwe pafupi pomwepo kuti banja lizionera midadada yake yomwe kuchokera pampando.

Pomaliza, akatswiri amalangiza kuti pabwalo pakhale malo opumira mphepo, koma malo otere salipira lendi. Wanzeru amangepo zipinda zitatu za alendi, ndipo kutentha kwa Okutobala kukasandutsa silabu chiwaya pamene magetsi athima, eni nyumba ndi alendi omwe akhale kunja kwa geti, kumene mphepo idakali yaulere.