Ulemu kwa Mayi Udzudzu, namapopa weniweni wa ku Senga Bay

Azungu amatama kwambiri Bela Lugosi, bambo wa ku Hungary amene anasewera ngati namapopa Dracula m'filimu ya mu 1931. Anavala chimkanjo chakuda, natong'ola maso, nayankhula Chingerezi chokoka, oonera n'kumanjenjemera. Koma mkuluyu sanayamweko ngakhale dontho limodzi la magazi. Ku Hollywood anamukanirira pa mafilimu oopsa okhaokha mpaka ntchito zabwino zinamuthawa. Morphine amene ankaphera ululu wa m'miyendo anamukola, ndipo anamwalira ku Los Angeles mu 1956 m'thumba mulibe kanthu. Anamuika m'manda atavala mkanjo wa Dracula.

Ameneyo n'kumati katswiri? Bwerani kuno kunyanja mudzaone Mayi Udzudzu, a mtundu wa Anopheles. Ndati mayi chifukwa abambo awo ndi amphwayi, amangomwa timadzi ta m'maluwa. Mayiwa ndiwo amafuna magazi kuti mazira akhwime. Sukulu yawo ili m'zithaphwi za Senga Bay ndi m'minda ya mpunga ku Lifuwu, ndipo ntchito sinawasowepo.

Taonani luso lawo. Woimba m'khutu uja kawirikawiri ndi msuweni wawo Culex, wokonda kutchuka. Mayiwa amabwera pakati pa usiku mopanda phokoso, n'kutera pakakolo, mutu pansi, kumbuyo m'mwamba, ngati mayi wobzala mpunga. Amayamba alavulira malovu oletsa magazi kuundana, ndipo poti ndi olera bwino, sachoka osasiya mphatso: tizilombo ta malungo. Pakapita sabata kapena awiri, sewero limafika pokoma. Lugosi ankanjenjemeretsa anthu ola limodzi ndi mphindi zingapo. Mayiwa amagwetsa msodzi wamphamvu zake, mano n'kumagwedera m'mabulangete atatu, kunja dzuwa la ku Salima likuswa mtengo. Akadzuka ndiye ulendo wokafola mzere wa mankhwala a LA.

Boma lawalemekeza ndi maneti aulere. Ena mwa manetiwo tinawasoka n'kumakokera tiana ta nsomba, ena atchinga dimba la tomato kuti nkhuku zisalowe, poopa kuti mlendo angagone ndi njala. Mankhwala ena onyikira neti anawazolowera kale. Katemera woyamba wa malungo padziko lonse anayamba kuperekedwa kwa ana m'Malawi muno mu April 2019, chifukwa cha iwowa. Ndi wazisudzo uti wa ku Hollywood amene asayansi anamukhalirapo pansi zaka zoposa 30?

Chondipweteka n'chakuti mbiri yawo amadya ndi ena. Mu 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe kunabuka mphekesera za anamapopa. Anthu anatchinga misewu, osalakwa anaphedwa, a United Nations n'kuchotsako antchito awo. Namapopa ndi mmodzi yemwe sanagwidwe. Anyamata amene ankachezera panja usiku wonse ndi zibonga, miyendo ili pamtunda, ndiwo anadyetsa Mayi Udzudzu mpaka kukhuta.