Ku Ndirande Kulibe "Sindikudziwa"

Loweruka masana tili pabawo ku Ndirande, mphwanga anatulutsa foni n'kutionetsa kachinthu kamkuwa kongokwana m'dzanja. Kali ndi mbali 12, mbali iliyonse bowo lakelake, lina lalikulu lina laling'ono, ndipo m'makona monse muli timitu tonga nsawawa.

"N'ka Aroma aka, kazaka zoposa 1,600," anatero. "Koyamba anakatola ku England mu 1739. Pano afukula toposa 100, kena mu 2023 ku Norton Disney. Koma akatswiri agwira njakata, ntchito yake sakuidziwa. Palibe buku la Aroma lomwe linakatchulapo."

Nkhomo zinaima m'manja. Kwathu kuno mawu oti "sindikudziwa" timasungira anthu awiri basi: wapolisi, ndi wangongole akamafunsa komwe alowera bambo a m'nyumba.

"Tabwera nayo kuno foniyo, aise," anatero wowotcherera zitsulo, akupukutira manja kuovolosi. Anangoponyapo diso kamodzi. "Choyezera mapaipi ichi. Azunguwo akanabwera nacho Lolemba, pofika Lachitatu tikanapanga 20 n'kulembapo kuti orijino."

Mayi wa zitumbuwa anasuzumira, beseni lili pamutu. "Abambo inu mumakonda kuvutitsa zinthu. N'choikapo kandulo magetsi akathima."

"Mayi, nthawi ya Aroma kunalibe magetsi."

"Nanga ife tili nawo?"

Madala wina wochokera ku Bangwe anayamba wayang'ana uku ndi uku, kenako n'kutsitsa mawu. "Ana inu, zinazi safunsa. Chinthu cha mabowo 12, mwini wake osachilemba m'buku? Chizimba cha bizinesi chimenecho." Anthu awiri anasendeza mipando kutalikira foniyo.

Mphwanga anawonjezera kuti akatswiri ena amati n'cholukira magolovesi, ena amati n'cha zachipembedzo, koma chowazunguza mutu n'choti tambiri timaoneka tosaperepeseka, ngati sitinagwirepo ntchito.

Apa mpamene ine maso anatseguka. Kwa azakhali ku Chilomoni kuli kabati yagalasi pabalaza. Muli makapu a tiyi amaluwamaluwa omwe analandira paukwati ine ndisanabadwe. Amati ndi a alendo. Alendo amabwera ndithu, ngakhale ankhoswe, koma onse amamwera m'kapu yapulasitiki, poti mlendo woyenera makapu amenewo sanabadwe. Kiyi amakhala pakansalu komanga m'chiuno. Mwana akangoyandikira galasilo amamva, "Iwe! Ukudziwa mtengo wake?"

Zaka 2,000 zikubwerazi, akatswiri adzakumba m'munsi mwa phiri la Michiru n'kupeza makapu opanda ndi dontho lomwe la tiyi. Adzaitanitsa misonkhano, adzakangana, mapeto ake adzalemba kuti anthu a ku Blantyre ankapembedza makapu.

Nditawafotokozera zimenezi, madala aja anagwedeza mutu.

"Zimenezotu n'zomwe ndimati ndinene ineyo. Takatani, bwana, nthawi ikutha."