Nyalugwe Amene Anatsala Pang'ono Kundithetsera Chinkhoswe

Chinkhoswe chathu chitayandikira, amalume ndi azakhali a bwenzi langa anabwera ku Lilongwe kudzaona kumene mwana wawo adzakhale. Titadya nsima, ine pofuna kuoneka wozindikira, ndinati ndiwasangalatse ndi kanema. Ndinasankha Bringing Up Baby, filimu yoseketsa ya ku America ya mu 1938, imene anaitsogolera Howard Hawks. Poona chipewa chakutha cha amalume, ndinangoweruza kuti Chingerezi chimawadutsa, ndiye ndinadzipereka kumasulira monga amachitira anyamata omasulira mafilimu aja.

Mavuto anayambira pa chimene filimuyi imatchuka nacho, liwiro. Cary Grant akusewera ngati David Huxley, katswiri wa mafupa a nyama zakale, amene watha zaka zinayi akulumikiza mafupa a chinyama chotchedwa brontosaurus. Latsala fupa limodzi, ndipo akusakanso madola 1 miliyoni kwa mayi wina wolemera. Katharine Hepburn akusewera ngati Susan Vance, mtsikana amene akulowa m'moyo wa David ngati kamvuluvulu: akumutengera mpira wa gofu, akumugundira galimoto, akumung'ambira jekete. Awiriwa sadikirana polankhula, wina asanatseke pakamwa mnzake wayamba kale. Lilime langa linalephera kuwatsata, ndipo ndinayamba kupeka.

"Akuti chiyani pamenepo?" anafunsa azakhali.

"Akupatsana moni, azakhali."

Nthawi yomweyo diresi la Susan linang'ambika kumbuyo, David n'kumayesa kubisa pong'ambikapo ndi chipewa.

"Moni wa kwawoko ndi umenewu?"

Kenaka anatulukira Baby mwiniwake, nyalugwe woweta amene mchimwene wa Susan watumiza kuchokera ku Brazil. Azakhali anati munthu wosunga nyalugwe kubafa asamanamize anthu, ameneyo ndi wokhwima. David atavala mkanjo wachizimayi chifukwa Susan wamuchotsera zovala, iwo anaphimba kumaso ndi chitenje.

Komabe panali pamene kanemayu anandiwombola. Galu wotchedwa George akuba fupa lija n'kulikwirira, ndipo munthu wophunzira kwambiri akuyenda pambuyo pa galu, kukumba paliponse pamene galuyo wanunkhiza. Pambuyo pake onse atsekeredwa m'chitokosi cha apolisi, ndipo Susan akubwera akukoka ndi chingwe nyalugwe wolusa wa anthu azionetsero, iye akuyesa ndi Baby. Apa womasulira sanafunike. Azakhali anaseka mpaka kupukuta misozi. Luso la Hawks lili pamenepa: tsoka lililonse limabala linzake, ndipo woonera amadziwa zimene anthu a m'filimumo sakudziwa.

Chimene ndinaiwala ndi Alice Swallow. David ali naye pa chibwenzi, ndipo ukwati wawo ndi wa mawa lake. Tsikulo likupita iye ali ku Connecticut kusaka nyalugwe ndi mkazi wina. Pomaliza Alice akumusiya, mafupa a zaka zinayi aja akugumuka, David akukumbatira Susan, filimu yatha. M'nyumba munangoti zii.

"Ndiye mwatisankhira kanema ameneyu kuti tiphunzirepo chiyani?" anatero azakhali, maso ali pa ine.

Ndinayesa kumuikira kumbuyo David. Ndinati Alice uja ananena kuti m'banjamo safunamo ana, mwana wawo adzakhala mafupawo. Azakhali anati zotero amakambirana ankhoswe, mwamuna sathawira kutchire.

Ndipamene amalume, amene anali chete chiyambire, anakonza pakhosi.

"Mkamwini, ku Brazil kulibe anyalugwe, kuli jaguar. Chinanso, paja mumati akupatsana moni paja, amakangana."

Anali mphunzitsi wopuma wa Chingerezi ndi jogalafe. Bodza langa lililonse analimva. Anawonjeza kuti kanemayu ndi wokoma, koma alibe munthu wamutu ngakhale mmodzi woti woonera apumirepo. Wapolisi, dokotala, mlenje, onse ndi obalalika. Hawks mwiniwake anadzavomereza chilema chomwechi patapita zaka. Itangotuluka, filimuyi inaluzitsa kampani ya RKO imene inaipanga, ndipo chaka chomwecho eni nyumba zoonetsera mafilimu anaika Hepburn pagulu la akatswiri osakopa anthu. Ulemu wake unabwera mochedwa: mu 1990 Library of Congress inaiika pamndandanda wa mafilimu oyenera kusungidwa.

Nkhaniyi inafika kumudzi ine ndisanafike, ndipo inafika itakula, yoti mkamwini wachenjezeratu kuti paukwati sadzaoneka. Ankhoswe anga anachita kupita ndi nkhuku kukazimitsa motowo. Chinkhoswe chinachitika, koma mpaka lero azakhali amandifunsa ngati nyalugwe wanga wadya.

Bringing Up Baby ndi filimu yoti muione, mudzaseka mpaka nthiti kuwawa. Koma akubanja a mkazi akabwera, atsegulireni kwaya, ndipo musanamasulire munthu Chingerezi, yambani mwafunsa ntchito imene ankagwira.