Sudoku ndi katapila wa manambala

Ine ndine munthu wolota mayankho. Kusukulu funso likandikanika ndinkangosankha C, ndipo mpaka lero ndikudya nsima ngati wina aliyense. Ndiye Sudoku ndinaiona yophweka: timabokosi 81, manambala 1 mpaka 9, palibe kuwonkhetsa kapena kuchotsera. Lamulo lake ndi loti nambala isabwere kawiri mumzere wopingasa, mumzere wotsika, kapena m'kabwalo ka timabokosi 9. Zoti ngakhale mlamu wanga akhoza kutha.

Njira yanga inali yaulemu wake. Kabokosi kakalola manambala awiri, ndinkalemba imene mtima wakonda, makamaka 7. Ndinkalembanso ndi bolopeni, chifukwa pensulo ndi ya anthu osadzikhulupirira.

Vuto ndi loti kulota mu Sudoku ndi katapila. Potenga umasekerera. Timabokosi timadzaza mofulumira, umayamba kuimba mluzu, kuyang'ana uku ndi uku kuti anthu aone nzeru zikugwira ntchito. Ukafika pakona yapansi, ndi pamene upeza ma 4 awiri akhala mumzere umodzi, akukuyang'ana. Ndipo cholakwacho sichili pamenepo ayi. Chinachitika kumtunda kuja, kalekale, ndipo chabereka chiwongoladzanja m'timabokosi tonse. Wobweza ngongoleyo ndiwe, ndi bolopeni yako yosafufutika.

Ndinafufuza amene anatibweretsera mavutowa. Akuti ndi Howard Garns wa ku Indiana, katswiri wojambula mapulani a nyumba, amene anaitulutsa mu 1979 m'magazini a Dell, dzina lake lili Number Place. Anali atapuma pantchito. Mu 1984 kampani ya Nikoli inaitengera ku Japan, kumene Maki Kaji anaipatsa dzina loti Sudoku. Kenaka Wayne Gould wa ku New Zealand anaipeza m'sitolo ya mabuku ku Tokyo mu 1997, nakhala zaka zisanu ndi chimodzi akukonza pulogalamu ya kompyuta yopanga zimenezi, mpaka nyuzipepala ya The Times ku London inayamba kuzisindikiza mu Novembala 2004. Gould ameneyu anali woweruza milandu ku Hong Kong, nayenso wopuma pantchito. Mwaiona nkhani yake? Kwathu kuno munthu akapuma amakaweta nkhuku, sazunza dziko lonse.

Amene anandichotsa ulemu ndi mwana wanga wa Fomu 2. Anaima kumbuyo kwanga nthawi yaitali, akuusa moyo ngati mayi ake.

"Adadi, 7 ameneyo mwamuika pamenepo chifukwa chiyani?"

"Akuoneka kuti ndi wapamenepo."

"Wakuuzani ndani?"

Anatenga pensulo. M'kabokosi kalikonse kopanda kanthu analemba timanambala ting'onoting'ono pakona, tokhato timene mzere wopingasa, wotsika ndi kabwalo sizinatiletse. Kenaka anandionetsa timabokosi tiwiri mumzere umodzi, tonse tololera 3 kapena 8 basi. Ine ndinati tsono apa tisankhe. Iye anati ayi, tisasankhe. Kaya 3 apita kumanzere kaya kumanja, manambala awiriwo malo awo ndi omwewo, choncho 3 ndi 8 achoke m'timabokosi tina tonse ta mzerewo. Atafufuta, kabokosi kena kanatsala ndi 5 yekha. 5 uja anatsekera mnzake njira mumzere wotsika, winanso n'kutsala yekha, mpaka 3 ndi 8 aja anadziwika okha popanda kuwanyengerera. Pamene panali 7 wanga wokondedwa panayenera kukhala 2.

Ndinayesa kudziteteza kuti opanga anaumira manambala oyambira. Mwanayo anati Sudoku yolongosoka imakhala ndi yankho limodzi lokha, ndipo Gary McGuire ndi anzake a ku University College Dublin anatsimikiza mu 2012 kuti manambala oyambira sangachepere 17. Yangayo inali nawo oposa 30. Fizi ndimalipira ndekha kuti azindiyankha chonchi.

Tsopano ndili ndi pensulo ndi labala, ndipo ndimachedwa kuposa kale. Mayi a kunyumba akuti bola nthawi yolota ija, chifukwa ndinkalephera msanga n'kupita kukagula makala. Masiku ano akandituma ndimati dikirani, 6 watsala pang'ono kuvomera.

Ndinawauza kuti matendawa si anga ndekha. Ku Sydney mu 2008 khoti linaimitsa mlandu wa mankhwala ozunguza bongo umene unali utayenda pafupifupi miyezi itatu, zitadziwika kuti ena mwa anthu othandiza kugamula mlanduwo ankasewera Sudoku mboni zikulankhula. Anagwidwa chifukwa ankalemba motsika pamene munthu wolemba zomveka amalemba mopingasa.

Loweruka kuli msonkhano wa komiti ya kumpingo, ndipo mlembi ndine. Kope ndikaligoneka cham'mbali.